Kodi kusiya nyama ndi nkhani ya anthu okhuta okha?

Funso: Ndinasiya kudya nyama, mazira ndi mkaka miyezi 6 yapitayo nditaonera mavidiyo a mmene nkhuku ndi nkhumba zimasungidwira m'mafamu akuluakulu. Achimwene anga akuti zimenezi ndi matama a anthu okhuta, akuti wosauka sasankha chakudya, ndipo akuti ndikunyoza makolo athu amene anatilera ndi nyama yomweyo. Mawuwa andilasa chifukwa penapake ndikuona ngati akunena zoona. Kodi kudya nyama nkulakwa? Nanga kukhala vegan, kutanthauza kusadya chilichonse chochokera ku nyama, ndi kwa olemera okha? Ndili ndi mwana wa zaka ziwiri, nayenso ndimusiyitse?

Yankho: Achemwali, zikomo polemba, ndipo ndiyambe ndi kukuuzani kuti achimwene anuwo sananame zonse ayi. Pomwe aphonya ndi poti aphatikiza nkhani ziwiri. Ina ndi yoti kodi pali cholakwika nyama ikamazunzidwa kuti ife tidye, ina ndi yoti ndani ali ndi mpata woisiya. Munthu atha kuvomera kuti cholakwika chilipo nkuvomeranso kuti si aliyense angathe kusiya, ziwirizi sizilimbana. Ine ntchito yanga ndi yolangiza anthu za kadyedwe, nyama ndinachepetsa kwambiri koma sindinasiyiretu zonse zochokera ku ziweto, nde ndikuyankhani ngati munthu amene nkhaniyi imamukhudzanso.

Za nyamazo kaye. Kale anthu ophunzira ankakangana ngati nyama zimaganiza kapena ayi, mpaka mu 1789 Jeremy Bentham wa ku England analemba kuti funso si loti zimatha kuganiza kapena kulankhula, funso ndi loti kodi zimamva kuwawa. Aliyense amene anamvapo nkhumba ikulira pogwidwa yankho akulidziwa, sizifuna digiri. Sayansi nayo inafika pomwepo. Mu 2012 akatswiri a za ubongo anakumana ku Cambridge nkusayinira chikalata chovomereza kuti nyama zoyamwitsa, mbalame, ngakhale octopus (nyama ya m'nyanja ya mikono 8), zili ndi zofunika mu ubongo kuti zizimva zomwe zikuzichitikira, ndipo mu 2022 dziko la Britain linaika m'malamulo ake kuti nkhanu nazonso ndi zamoyo zomva. Nde pa mfundo imeneyi inu simukulota ayi.

Chimene chimandisowetsa mtendere ine ndi kuchuluka kwake komanso mmene zimakhalira zisanaphedwe. Chaka chilichonse padziko lonse timapha nyama zapamtunda pafupifupi 80 biliyoni, zoposa 70 biliyoni mwa izo ndi nkhuku, pamene anthufe tilipo 8 biliyoni ndi pang'ono, ndipo nsomba sitinaziwerengere nkomwe. Nkhuku ya nyama ya m'mafamu akuluakulu imaphedwa ili ndi masabata pafupifupi 6, inapangidwa dala kuti izikula mofulumira kwambiri moti thupi limalemera kuposa mmene miyendo ingapirire, zina zimangokhala pansi osathanso kuyenda kukamwa madzi. Kumbali ya mazira, anapiye aamuna alibe ntchito chifukwa saikira komanso sanenepa msanga, nde amaphedwa tsiku lomwe aswedwa, dziko la Germany linaletsa zimenezi kuyambira mu 2022 koma m'maiko ambiri zikuchitikabe. Ng'ombe ya mkaka siitulutsa mkaka popanda kubereka, ndiye imapatsidwa bere chaka ndi chaka, mwana wake nkumachotsedwa patangopita maola kapena masiku ochepa kuti mkaka upite kumsika. Nkhumba zazikazi m'mafamu ambiri zimakhala m'tizitsulo topanikiza toti sizingatembenuke. Izi sizichitika chifukwa choti mlimi wina ndi wankhanza, ndi mmene bizinesi yake inakonzedwera kuti nyama izitchipa, ndipo ine ndikunena mosabisa kuti zimenezi nzolakwika, olo munthu akhale wokonda nyama bwanji.

Pomwe anthu oganiza bwino amasiyana ndi pa kupha kwenikweniko. Peter Singer, amene buku lake la mu 1975 linadzutsa nkhaniyi m'maiko ambiri, mtima wake unali pa kuvutika kwa nyama. Tom Regan mu 1983 anapitirira apo, iye anati nyama ili ndi moyo wakewake umene uli wofunika kwa iyo mwini, nde kuipha nkulakwa ngakhale itasungidwa bwino. Inu mutha kutsatira Regan ndipo ine sindingakutsutseni. Koma ine ndimaona kuti mbuzi imene yakhala zaka ikuyenda kutchire, ikudya udzu umene munthu sangadye, nkudzaphedwa kamodzi kuti banja lonse lidye, si chimodzimodzi ndi nkhuku ya masabata 6 ija. Amene amaziika pa mulingo umodzi amapangitsa kuti anthu asiye kumvera, ndipo zotsatira zake nkhuku ijanso imaiwalika.

Tsopano achimwene anu. Akamati wosauka sasankha chakudya, pali anthu mamiliyoni amene mawuwo akuwanenera zoona. Mu 2019 gulu la akatswiri la EAT-Lancet linatulutsa ndondomeko ya kadyedwe kabwino kwa thupi ndi kwa chilengedwe, kodalira kwambiri zomera, kenako ofufuza ena atawerengera mitengo anapeza kuti anthu pafupifupi 1.58 biliyoni sangakwanitse kadyedwe kameneko ngakhale atawononga ndalama zawo zonse pa chakudya basi. Ndipo si ndalama zokha. Kudya zomera zokha nkukhala wathanzi kumafuna kusinthasintha, lero nyemba mawa soya, mtedza, masamba, zipatso, kumafuna nthawi yophika ndi moto woti nyemba zipse, kumafuna msika wapafupi ndi posungira, kumafunanso kudziwa. Mayi amene amagwira ntchito ziwiri nkufika kunyumba usiku ana ali ndi njala, dzira limapsa m'mphindi zochepa. Kuli anthu amene malo awo salola nkomwe, a Inuit kumpoto kozizira kuja kulibe dimba, abusa a ku Mongolia ndi Amasai amakhala pa nthaka imene udzu umamera koma mbewu sizichita bwino, kwa iwo chiweto ndi chakudya, ndi banki, ndi fizi ya mwana. Komanso mu 2022 ana osakwana zaka 5 okwana pafupifupi 148 miliyoni padziko lonse anali opinimbira, ndipo kwa mwana wotere kamkaka, dzira kapena kansomba kamabweretsa zinthu zimene phala lokha silingapereke. Munthu amene angaime pamaso pa mayi wa mwana ameneyo nkumuuza kuti ndi wakupha chifukwa cha dzira, ine sindili naye.

Ndipo mavegan ena ndi omenyera ufulu wa nyama anadzipangira okha mbiri imeneyi, tivomereze. Kampeni yolimbana ndi kupha akatumbu a m'nyanja zozizira (pa Chingerezi seal) inachititsa kuti maiko a ku Ulaya aletse zikopa za ana a akatumbu mu 1983, lamulolo silinali lolimbana ndi a Inuit koma msika wonse unagwa ndipo midzi yawo yambiri inataya ndalama zomwe inkadalira. Mu 2003 bungwe lomenyera ufulu wa nyama la PETA linachita kampeni yofananitsa nyama za m'mafamu ndi Ayuda amene anaphedwa ndi a Nazi, anthu ambiri zinawapweteka mtima ndipo makhothi a ku Germany anailetsa. Ku India, komwe kuli anthu osadya nyama ambiri kuposa kwina kulikonse, kusadya nyama kwakhala kukugwiritsidwa ntchito ngati chizindikiro choti ife ndi oyera inu ndi odetsedwa, anthu a Dalit (amene amaonedwa ngati otsika kuposa onse kumeneko) ndi Asilamu amamanidwa nyumba za lendi chifukwa cha zomwe amadya, ena anaphedwa kumene powaganizira kuti ali ndi nyama ya ng'ombe. Nde achimwene anu akamamva fungo la kudzikweza pa nkhaniyi, sikuti akungopeka.

Koma apa mpamene ndikusiyana nawo. Tikayang'ana dziko lonse, chakudya cha olemera ndi nyama. Munthu mmodzi ku United States amadya nyama yoposa makilogalamu 100 pa chaka, ku India sifika makilogalamu 10, ndipo kulikonse komwe ndalama zachuluka nyama nayo imachuluka pa mbale, China ndi chitsanzo, kuyambira m'ma 1980 kadyedwe kawo ka nyama kakwera kangapo konse. Osauka ambiri padziko amadya zomera masiku ambiri kale, osati chifukwa anawerenga Singer koma chifukwa nyama ndi yodula. Ofufuza a ku Oxford mu 2021 anawerengera mitengo ya zakudya m'maiko 150 nkupeza kuti m'maiko olemera kudya kwa vegan kodalira mbewu, nyemba ndi masamba kumatha kutsitsa bajeti ya chakudya mpaka 34 peresenti, pamene m'maiko osauka kadyedwe kopatsa thanzi kamakhala kodula kuposa zomwe anthu akudya pano. Mwaona kusiyanako? Yankho limatengera kuti munthuyo ali pati. Ngakhale ku United States komweko, kafukufuku wa Gallup wa mu 2018 anaonetsa kuti osadya nyama anali ambiri pakati pa olandira ndalama zochepa kuposa pakati pa olandira zambiri.

Chimene chimaoneka chodula ndi zam'mapaketi zija, baga yopanga kuti imveke ngati nyama, tchizi cha mtedza, mkaka wa amondi, zithunzi zokongola za pa Instagram. Zimenezo ndi malonda, ndipo munthu atha kukhala vegan moyo wake wonse osazilawa. Maganizo osadya nyama sanayambire mu supamaketi. Anthu a chipembedzo cha Jain ku India akhala akupewa kupha zamoyo kwa zaka zoposa 2,000. Al-Ma'arri, mlakatuli wakhungu wa ku Syria amene anamwalira mu 1057, ankakana nyama, mkaka, mazira ngakhale uchi. Akhristu a Orthodox ku Ethiopia amasala zochokera ku nyama Lachitatu ndi Lachisanu komanso nyengo zitalizitali za kusala, olemera ndi osauka omwe. Mawu oti vegan anabwera mu 1944 ku England nkhondo ili mkati chakudya chikugawidwa moyeza, ndipo Donald Watson amene anawayambitsa ndi anzake anali mphunzitsi wa ukalipentala. Bungwe lawo la Vegan Society pofotokoza tanthauzo la mawuwa limanena kuti ndi kupewa kudyera masuku pamutu nyama pamlingo umene ndi wotheka komanso wochitika. Timawu timeneti anthu ambiri amatidumpha koma ndi tofunika kwambiri, chifukwa tikutanthauza kuti amene alibe njira ina sakuimbidwa mlandu.

Palinso china chimene sichikambidwa mokwanira, choti nyama yotchipayo amailipirira ndi osauka omwewo. Amene amagwira ntchito m'mafakitale ophera nyama m'maiko olemera ambiri ndi obwera ochokera kunja ndi ena osowa pogwira, ntchito ya mpeni yothamanga, malo ozizira, kuvulala pafupipafupi, ndipo mu 2020 Covid-19 inafalikira kwambiri m'mafakitale amenewa ku United States ndi ku Germany. Kumbali ya nthaka, kafukufuku wamkulu wa Poore ndi Nemecek wa mu 2018 anapeza kuti nyama, mkaka, mazira ndi nsomba zoweta zimatenga pafupifupi 83 peresenti ya malo onse aulimi koma zimapereka 18 peresenti yokha ya mphamvu zomwe anthu timapeza m'chakudya ndi 37 peresenti ya mapuloteni. Soya amene akulimidwa padziko, magawo atatu mwa anayi amadyetsa ziweto, osati anthu, nde amene amati mavegan ndi amene akumaliza nkhalango za ku Brazil ndi soya wawo alakwitsa adiresi. Bungwe la FAO, loona za chakudya ndi ulimi pansi pa United Nations, mu 2013 linawerengera kuti ziweto zimatulutsa 14.5 peresenti ya mpweya wotenthetsa dziko wochokera ku zochita za anthu, ndipo mvula ikasokonekera woyamba kugona ndi njala ndi mlimi wamng'ono amene nyama amaiona mwa apo ndi apo.

Ndiye mawu oti wosauka sasankha ndi oona kwa wosaukayo, koma wokhuta asabwereke njala ya mnzake kuti adzikhululukire nayo. Ndakhala ndikumva mawu amenewa kwambiri kuchokera kwa anthu amene firiji yawo ndi yodzaza, amene amadya nyama kawiri patsiku, ndipo nthawi zonse ndimafuna kuwafunsa kuti inuyo panokha simungathe kuchepetsa? Ngati kukhala ndi mpata wosankha ndi mwayi, ndipo ndi mwayidi, mwayiwo umabwera ndi udindo. Inu muli ndi mpata, mwaona zomwe mwaona, mwasankha. Palibe wosauka amene mwamulanda kanthu posiya nkhuku.

Za makolo anu ndingoti simunawanyoze. Anakudyetsani zomwe anali nazo ndi mtima wonse, ndipo mwina nyama yomwe ankaidziwa iwo sinali ya m'mafakitale yomwe inu munaiona pa vidiyo. Achimwene anu ndikuganiza kuti chomwe akumva ndi choti mwawaweruza, chakudya chimagwira mtima, munthu ukakana mbale yake amamva ngati wakana iyeyo. Auzeni mosapita m'mbali kuti simukudziona woposa iwo, musamawalalikire pa nthawi ya chakudya, muziphika zanu zokoma nkuwapatsako. Akafunsa okha chifukwa chake, pamenepo fotokozani za nkhuku ija, mofatsa.

Tsopano za thupi lanu ndi mwana, apa ndikupemphani mumvetsere bwino chifukwa mpamene anthu amavulala. Vitamini B12 m'zomera mulibe yodalirika, amapanga ndi mabakiteriya, ndipo ife timaipeza kudzera mu nyama, mkaka, mazira, zakudya zomwe anaithiramo dala kapena mapiritsi. Chiwindi chimasunga B12 yokwana zaka zingapo, nde miyezi 6 mukhoza kumadzimva bwinobwino pamene nkhokwe ikutha mwakachetechete, kenako kumabwera kutopa, kuchepa magazi, dzanzi m'manja ndi m'mapazi, kuiwalaiwala, ndipo mitsempha ikawonongeka nthawi yaitali pena sibwereranso mwakale. Vegan Society yomwe imalangiza akuluakulu kumwa mamaikulogalamu 10 tsiku lililonse kapena 2,000 kamodzi pa sabata. Yambani pano, musadikire zizindikiro, ndipo musanamizidwe kuti spirulina (ufa wa ndere za m'madzi) kapena masamba osatsuka akupatsani. Ngati mukuyamwitsabe ndiye nkhani ndi yachangu kwambiri, chifukwa B12 wa mu mkaka wanu amatengera zomwe inu mukudya. Ayironi wa m'zomera salowa m'thupi mosavuta ngati wa mu nyama, nde nyemba ndi masamba muzidya limodzi ndi zinthu za vitamini C monga tomato, malalanje kapena mandimu, tiyi ndi khofi muzimwa patali ndi nthawi ya chakudya chifukwa zimatchinga ayironi. Nyemba muzinyika musanaphike. Mchere ukhale wa ayodini. Kashiamu mumupeze mu masamba obiriwira, tofu (chakudya chochokera ku soya) wopangidwa ndi kashiamu kapena mkaka wa soya womwe anathiramo. Mapuloteni ndi amene anthu amada nawo nkhawa kwambiri koma kwa wamkulu amene akudya mokwanira nyemba, soya, mtedza ndi mbewu, si vuto kawirikawiri.

Mwana wa zaka ziwiri ndi nkhani ina. Akatswiri enieniwo sanagwirizane. Bungwe la akatswiri a kadyedwe la ku United States mu 2016 linati kadyedwe ka vegan kokonzedwa bwino ndi koyenera pa msinkhu uliwonse, pamene la ku Germany chaka chomwecho linati silikulimbikitsa kwa amayi apakati, oyamwitsa ndi ana. Mawu ofunika ndi oti kokonzedwa bwino, ndipo kwa mwana kukonza kwake nkovuta chifukwa mimba yake ndi yaing'ono, zakudya za zomera zimakhutitsa msanga asanapeze mphamvu zokwanira, pamene ubongo ndi mafupa ake akukula mothamanga ndipo akufuna ayironi, zinki, kashiamu, ayodini, mafuta ndi B12 tsiku ndi tsiku. Ku Ecuador kafukufuku amene anatuluka mu 2017 anapatsa makanda dzira limodzi patsiku kwa miyezi 6 ndipo kupinimbira kunatsika ndi pafupifupi theka, kwina komwe anabwereza sizinatuluke chimodzimodzi, komabe zikuonetsa kuti kadzira kamodzi kamanyamula zambiri kwa mwana amene zakudya zake ndi zoperewera.

Langizo langa ndi loti musamusiyitse zonse pakali pano, pokhapokha ngati muli ndi B12 wa ana wodalirika amene sadzakutherani, muli ndi dokotala kapena katswiri wa kadyedwe woti azimuona, ndipo mukutha kumuyeza kulemera ndi kutalika pafupipafupi. Ngati chimodzi mwa zitatuzi chikusowa, musiyireni mazira ndi mkaka, ndipo ngati mungathe agulireni kwa woweta amene nkhuku zake zimayenda panja, zimenezo zikugwirizanabe ndi zomwe mtima wanu wakana. Phala lake muziwonjezera chiponde, mafuta pang'ono kapena peyala kuti likhale ndi mphamvu, muzimupatsa chakudya kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku pang'onopang'ono, mtedza wathunthu musamupatse chifukwa angatsamwe, ndipo mkaka wa mpunga si wa mwana wa msinkhu umenewu. Inuyo mukapita naye kusikelo ulendo ukubwerawu, auzeni achipatala kuti munasiya zochokera ku nyama miyezi 6 yapitayo, mupemphe kuti akuyezeni magazi nonse awiri.